Kodi ndiitane aneba pa Nyuwere, kapena tidzitsekerenso m'chipinda?

Funso:

"Zikomo amayi. Ndine mayi wa ana awiri, kwathu ndi ku Ntcheu, ndipo chino ndi chaka changa chachiwiri kuno ku Joni. Timakhala ku Rosettenville, m'chipinda cha kuseri kwa nyumba ya alandilodi. Pabwalo pathu pali ife, banja la ku Zimbabwe, anyamata awiri a ku Mozambique, mayi wachizulu ndi mwana wake, komanso agogo achisuthu omwe amakhala okha. Chaka chatha pa Nyuwere tinadzitsekera m'chipinda dzuwa lisanalowe. Kunja kunali kuphulika usiku wonse, ana akulira, ine n'kumangokumbukira kwathu kumene tsiku limeneli mbale zimayenda khomo ndi khomo. Chaka chino ndikufuna kuphika mpunga ndi nkhuku n'kuitana aneba. Bambo akunyumba akukana. Akuti kuno si kumudzi, ukaonetsa kuti uli ndi kangachepe umadziitanira mavuto, ndipo mlendo sayenera kudzionetsera. Kodi ndikulakwitsa? Ndichite bwanji?"

Yankho:

Achemwali, musadzikayikire. Palibe cholakwika mwa mayi wofuna kuti pakhomo pamene akulerera ana ake pakhale anthu odziwana. M'zaka zomwe ndakhala ndikuthandiza m'magulu a amayi ndi m'mabungwe a maliro a Amalawi kuno ku Johannesburg, dandaulo lanuli ndalimva kawirikawiri, makamaka Disembala akamapita kumapeto. Ndinene poyambirira pomwe kuti ine ndili kumbali yoti muwaitane anebawo. Koma mawu a bambo akunyumba musawataye kudzala, chifukwa muli nzeru zimene zikuthandizeni kuchita zimenezi mosadziika pamavuto.

Mantha awowo ali ndi pochokera. Mu Meyi 2008 zipolowe zothamangitsa anthu obwera zinayambira ku Alexandra n'kufalikira madera ena, ndipo anthu 62 anaphedwa. Mu 2015 zinabukanso, mpaka boma la Malawi linatumiza mabasi kudzatenga anthu ake. Ku Rosettenville kwanu komweko, mu Febuluwale 2017 anthu anaotcha nyumba zingapo zomwe ankati mukugulitsidwa mankhwala ozunguza bongo, ndipo obwera ambiri osalakwa anagona ndi nsapato kumapazi. Mu Seputembala 2019 mashopu anaphwanyidwa ku Jeppestown ndi ku Malvern. Kuyambira 2021 kunabweranso gulu lofuna kuthamangitsa obwera la Operation Dudula lomwe linayambira ku Soweto. Mwamuna amene amaima pamzere wa takisi m'mawa uliwonse, akumva zomwe anthu akunena za ife, amaphunzira kutsitsa mawu foni yochokera kumudzi ikalira. Munthu wotereyu akamati tisadzionetsere, sakunena zamwano ayi.

Pamene ndikusiyana nawo ndi pa mankhwala ake. Zimene ndinaona ndi maso anga pa nthawi zovutazo n'zakuti mabanja omwe ananong'onezedwa msanga kuti lero musagone pano, omwe katundu wawo anasungidwa m'nyumba za eni dziko mpaka kunja kutazizira, anali mabanja odziwika kwa aneba awo. Munthu amene samudziwa ngakhale dzina palibe amene amamuchenjeza. Ndipo n'zosachita kudikira zipolowe kuti muone zimenezi. Mayi wina wa m'gulu lathu matenda a uchembere anamuyamba pakati pa usiku, mwamuna wake ali ku ntchito yaulonda. Anayesa kuimbira anthu akwathu, wina ali ku Cosmo City, wina ku Diepsloot, onse kutali ndipo onse opanda galimoto. Anadzuka ndi mayi wa chipinda choyandikana naye, yemwe ankangopatsana naye moni pachingwe choyanika zovala. Iyeyo ndiye anaimbira ambulansi, kulongosola njira m'Chizulu, n'kukaima pageti atafunda bulangeti, tochi ya foni ili m'manja, kuti galimoto isapitirire. Ana otsala anagona kwa iye. Magulu athu a pa WhatsApp ndi abwino, pamaliro amagwira ntchito yaikulu, koma usiku sagogoda pachitseko.

Mwina mumadabwa kuti bwanji anthu otunga madzi pampopi umodzi amangodutsana. Kawirikawiri si chidani. Anthu a m'zipinda zalendi sakhalitsa, lero alipo, mwezi wamawa asamuka, ndiye ambiri anasiya kudzivutitsa ndi kudziwana. Wina amachoka kusanache kuthamangira takisi, n'kubwerako kuli mdima. Chilankhulo nachonso chimamanga anthu pakamwa. Ndiye aliyense amaganiza kuti mnzakeyo ndi wonyada, pamene onse akungodikira woyamba.

Nyengo inoyi ikukukomerani. Makampani omanga akatseka chapakati pa Disembala, Johannesburg amakhuthuka. Pitani ku Park Station mukaone zikwama, ena akulowera ku KwaZulu-Natal ndi ku Eastern Cape, ena ku Lesotho, anzathu akuyamba ulendo wautali wodzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza. Otsala ndi omwe ndalama ya ulendo yawaperewera, omwe mabwana awasiyira nyumba ndi agalu kuti aziyang'anira, ndi omwe alibe kopita. Kunena kwina, amene mudzawapeze pabwalo panu pa 1 Januwale ali ndi mtima wonga wanuwu, nawonso akukumbuka kwawo. Agogo achisuthu okhala okhawo ndikuganiza kuti ndiwo oyamba kuvomera. Komanso akuluakulu ambiri akuno Amalawi sitili achilendo kwa iwo. Azigogo athu ankabwera ndi Wenela kudzagwira m'migodi ya golide, akugona m'makomponi limodzi ndi Asuthu ndi Ashangani, mpaka ndege yobweza ogwira ntchito inagwa ku Francistown mu 1974 ndipo boma la Kamuzu linaimitsa kulemba anthu. Ena sanabwererenso, anatchona, anakwatira konkuno.

Tsopano kachitidwe kake. Musadikire tsikulo kuti mukagogode pazitseko za anthu omwe simunacheze nawo chaka chonse, mudzawadzidzimutsa. Yambani sabata ino ndi moni wa m'chilankhulo chawo. Kwa mayi wachizulu, Sawubona. Kwa agogo, Dumela mme. Kwa a ku Zimbabwe, Makadii. Ngakhale lilime likakhote, adzaseka, ndipo kusekako ndiye chiyambi cha macheza. Kenaka funsani ngati akhalapo pa Nyuwere kapena akupita kwawo. Yambani ndi agogo, monga mmene mungachitire kumudzi. Iwo akavomera, auzeni kuti akuthandizeni kuuza enawo, pakuti mawu a munthu wamkulu wa dziko lomweli amamveka mosiyana ndi a mlendo.

Apa ndiye pofunika kumvetsetsa, chifukwa ndi pamene pali yankho la nkhawa ya bambo. Musakonze phwando loti inu ndinu odyetsa anthu onse. Nenani kuti tiyeni tidyere limodzi pabwalo, aliyense abwere ndi chomwe ali nacho. Anthu akuno anazolowera kale kuti pa braai, kuotcha nyama pamodzi, munthu amabwera ndi nyama yake ndi chakumwa chake, choncho palibe amene adzaone chachilendo. Inu bweretsani mpunga wanu ndi nkhuku. Ngati muli ndi Kilombero amene wina anakubweretserani pabasi, fungo lake lokha lidzakuyankhulirani. A ku Zimbabwe abwere ndi ndiwo zawo zamasamba, mayi wachizulu ndi chakalaka, anyamata aja agule makala ndi buledi. Mukatero palibe amene angakuoneni ngati olemera, palibenso amene angadzimve kuti akupatsidwa chifundo. Phikirani panja poonekera, ndipo inu ndi ana anu mudye za mumphika womwewo. Tisanamizane, kuno ngati kwathu komwe, alipo anthu oopa chakudya cha munthu wosamudziwa, amaganiza za mankhwala. Akaona mwana wanu akudya, mtima umakhala pansi. Funsaninso ngati pali Msilamu kapena wosadya nkhumba. Nyama ya halaal siisowa, mabutchala a ku Mayfair ndi Fordsburg ndi odziwika nayo, ndipo kwa ambiri nkhuku ndi yosavuta.

Zonse zichitikire pabwalo, m'chipinda mwanu musalowe anthu. Si kuti anebawo ndi akuba, koma pomwe pali chakudya pamabwera mnzake wa mnzake, amene palibe akumudziwa bwino. Mapasipoti, mapepala ena ndi ndalama zikhale zokiyidwa. Nkhani za mapepala, za malipiro, za ndalama zomwe mumatumiza kumudzi pa Mukuru, zisatuluke pakamwa panu, ndipo inunso musafunse anzanu. Zocheza zilipo zambiri, ana, mvula, mpira, mmene nsima ya ufa wa Iwisa imasiyanirana ndi ya ufa woyera wakwathu. Pa nkhani yomalizayi anthu amatha kukangana mpaka dzuwa kupendeka, popanda wokwiya.

Alandilodi musawadumphe. Mikangano yambiri yomwe ndaitanidwa kukaweruza mu Januwale inayambira pa zinthu zazing'ono za mu Disembala, mayunitsi a magetsi atha msanga, geti linasiyidwa lotsekula, alendo anachuluka pachimbudzi chimodzi. Bambo akunyumba ndiwo apite kukapempha, anene nthawi yoyambira ndi yothera, ndipo awaitane alandilodiwo kudzadya nawo. Ngati mita ya magetsi ndi imodzi, phikani pamakala. Koma chonde, mvula ya mabingu ya masana, yomwe ku Johannesburg siisowa nyengo ino, ikakupezani, mbaula isalowe m'chipinda. Utsi wa makala wosaoneka uja umapha anthu ali m'tulo, ndipo zipinda zathuzi n'zopanda mpweya wokwanira. Pa za moto ndimalimbikira kwambiri chichitikireni ngozi ya nyumba ya Usindiso ku Marshalltown pa 31 Ogasiti 2023, momwe munafa anthu 76, ena mwa iwo Amalawi. Ambiri anasowa potulukira. Mukakhala pamodzi tsikulo, funsanani momasuka kuti kiyi wa geti amakhala ndi ndani usiku, ndipo moto utabuka tingatulukire kuti. Ndi funso losakoma pachakudya, koma lifunseni.

Za nthawi, malangizo anga ndi akuti mudye masana a pa 1 Januwale, kapena masana a pa 31 Disembala n'kumwazikana kusanade. Usiku wolowa chaka ndi wa mowa, ndipo anthu omwe masana anali aulemu pofika 11 koloko amakhala ena. Mowa musagulire munthu. Wofuna kumwa abwere ndi wake, ndipo bambo ndi mnzawo wa ku Zimbabwe agwirizane kale kuti wina akayamba phokoso amuperekeza bwanji.

Usikuwo khalani m'nyumba ndithu, pamenepo bambo akunena zoona. Malamulo a mzinda wa Johannesburg amalola makombola pa usiku umenewu kuyambira 11 koloko mpaka 1 koloko, koma mwaona nokha kuti ambiri satsatira, ndipo pakati pa phokosolo pamakhala ena owombera mfuti m'mwamba. Chipolopolo chokwera chimatsika. Ana asatuluke kukaonerera pamsewu, akhale kutali ndi zenera, ndipo muwauziretu masana kuti kudzaphulika, kuti asadzidzimuke ngati chaka chatha. Makombola sayenera kugulitsidwa kwa mwana wosakwana zaka 16, ngakhale ogulitsa m'misewu sasamala zimenezo. Ku Hillbrow kunatchuka khalidwe loponya mafiriji, mabedi ndi mabotolo kuchokera m'nyumba zosanja chaka chikamalowa. Apolisi akhala akulimbana nalo ndipo linachepako, komabe musadutse pansi pa maflati a ku Hillbrow, Berea kapena Yeoville pakati pa usiku. Ngati mukupita ku mapemphero olowera chaka, konzani za mayendedwe kukadali masana, pitani pagulu, ndipo ngati tchalitchi chimalola, gonani komweko mpaka kuche. Ambiri omwe ndawaona atalandidwa mafoni ndi zikwama anali akuchokera kopemphera 1 koloko usiku, akuyenda wapansi chifukwa matakisi anali atasiya kale.

Mwana akapsa ndi kombola kapena makala, ikani malo opsawo pamadzi ozizira a pampopi kwa mphindi 20. Musapake mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta ophikira kapena dothi. Ngati wapsa kumaso, m'manja, kumaliseche, kapena bala ndi lalikulu kuposa chikhatho chake, kapenanso diso lakhudzidwa, thamangani naye kuchipatala. South Rand Hospital ili ku Rosettenville komweko. Ambulansi ndi 10177, kapena 112 pafoni yam'manja. Malamulo aakulu a dziko lino, pa gawo 27, amanena kuti munthu aliyense asakanizidwe chithandizo chamwadzidzidzi, ndiye nkhani ya mapepala isakuchedwetseni mwana akuvutika.

Pali chinthu china chomwe simunafunse, koma sindingachisiye. Ndalama ya lendi ya Januwale ipatuleni musanagule nkhuku. Mwezi umenewu ndi wautali kwa tonse. Kuno sukulu zimatsegulira chapakati pa Januwale, mayunifomu ndi nsapato zikudikira. Kumudzi ndi nthawi yothira feteleza wachiwiri, fizi ikufunika, ndipo nkhokwe zambiri zimakhala zitayamba kulira. Ogwira ntchito zamaganyu, omanga ndi a m'magadeni, ambiri amakhala milungu ingapo osalandira kanthu. Musakongole katapila kwa omwe kuno amawatcha mashonisa chifukwa cha chakudya cha tsiku limodzi. Ena amalanda pasipoti kapena khadi la kubanki ngati chikole, zomwe lamulo la National Credit Act limaletsa, koma pofika pokadandaula mwavutika kale. Ngati ndalama ndi yochepa, tiyi ndi mandasi n'zokwanira. Ndinenenso mwakachetechete, zithunzi za mbale zodzaza musafulumire kuziika pa Facebook. Abale kumudzi akaziona, foni siipuma.

Chimene mukufuna kutola patsikuli si kuyamikiridwa kuti mumaphika bwino. Anthu asanabalalike, patsanani manambala a foni. Dziwani amene ali ndi galimoto kapena amene amadziwa dalaivala wokhulupirika. Gwirizanani kuti wina akachoka masiku angapo aziuza mnzake. Uzani agogo kuti akadwala usiku agogode pakhoma, ndipo mukapita kokagula zinthu muziwafunsa ngati akufuna kanthu. Kupatsa n'kuika, anatero akuluakulu, koma musayembekezere kuti mbale yomwe mwapereka ibwera ndi kanthu monga kwathu. Ena adzabweza yopanda kanthu, ena sadzabweza n'komwe, wina adzakana kubwera popanda chifukwa. Musasunge kukhosi, mawa mumupatsenso moni.

Zikayenda bwino, mu Januwale momwemo amayi akuno amayamba ma stokvel awo, omwe ndi ofanana ndi chipereganyu chathu, ena osonkherana ndalama zogulira zakudya zambiri kumapeto kwa chaka. Mwina mayi wachizuluyo adzakuitanani. Ndi khomo labwino lolowera pakati pa eni dziko, koma musathamange. Onani kaye ngati pali buku lolembamo, ngati ndalama zimasungidwa kubanki, komanso ngati osainira ndi oposa mmodzi. Gulu lomwe ndalama zonse zimagona m'chikwama cha munthu mmodzi lipeweni, likhale la Amalawi kapena la eni dziko. Bungwe la maliro lokha ndiye musazengereze kulowa ngati simunalowe, chifukwa kutumiza thupi kumudzi kumadya ndalama zomwe banja limodzi silingakwanitse, ndipo mabungwe ambiri amakhala ndi miyezi yodikira munthu asanayambe kuthandizidwa.

Bambo akunyumba musawachite mozemba. Akhazikeni pansi ana atagona, muwauze kuti simukufuna phwando, mukufuna kuti tsiku limene iwo ali kuntchito inu ndi ana mukhale ndi wothamangirako. Apatseni mbali yawo, kulankhula ndi alandilodi ndi kuyatsa moto, pakuti amuna ambiri amamasuka akaima pafupi ndi nyama kusiyana ndi kukhala pampando. Afunseninso mofatsa ngati pali chimene chinawachitikira kuntchito kapena panjira chomwe sanakuuzeni. Nthawi zambiri kukana kolimba chonchi kumakhala ndi nkhani kumbuyo. Akakanitsitsa, musalimbane nawo mpaka kuwononga mtendere wa m'nyumba. Pemphani kuti mungopereka mbale imodzi kwa agogo ndi ina kwa anyamata aja. Chaka chamawa mudzayambira pamenepo.

Pali zina zomwe mpunga ndi nkhuku sizingakonze. Wina pabwalo kapena mumsewu akamakuopsezani chifukwa ndinu obwera, lembani tsiku ndi mawu amene ananena, uzani alandilodi, ndipo kanenani kupolisi kapena ku Community Policing Forum ya dera lanu. Zikafika poopsa moyo, imbirani apolisi pa 10111. Mukamva mayi akumenyedwa m'chipinda choyandikana, zomwe zimachuluka nyengo ya mowa ino, musalowe nokha kukaleretsa. Dzutsani amuna a pabwalo ndi alandilodi, imbirani apolisi, ndipo kukacha mumupatse mayiyo nambala yothandiza ochitiridwa nkhanza za m'banja ya 0800 428 428, yomwe ndi yaulere ndipo imayankhidwa usana ndi usiku. Alandilodi akakutsekerani chitseko, kukudulirani magetsi kapena kukutulutsirani katundu panja, dziwani kuti munthu sachotsedwa m'nyumba popanda chilolezo cha khothi, ndipo ku Gauteng Rental Housing Tribunal amamva madandaulo otere kwaulere. Pa nkhani za mapepala, bungwe la Lawyers for Human Rights lili ndi ofesi kuno ku Johannesburg.

M'kalata yanu mwatchula kuti munkangokumbukira kwathu. Kupukwa nyengo ino n'kwa aliyense, ngakhale omwe tinakhalitsa. Koma mukaona kuti zikondwerero zapita, padutsa milungu iwiri kapena kuposa, tulo sitikubwera, chakudya sichikulowa, misozi ikungotuluka yokha ndipo ngakhale kusamalira ana kukukulemerani, pitani kukiliniki mukawauze anamwino mmene mukumvera, ndipo muuzenso mayi wamkulu wa kutchalitchi amene mumamukhulupirira. Maganizo ofuna kudzivulaza akabwera, imbani nthawi yomweyo ku SADAG, bungwe lothandiza ovutika maganizo, pa 0800 567 567, ndipo musakhale nokha m'chipinda usiku umenewo.